Kupanga telesikopu yaikulu pa mapiri a Nachisaka

Munthu wa ku Johannesburg kapena ku London amene akufuna kuona bwino Mlalang'amba amakwera galimoto maola angapo kuthawa magetsi a m'tauni. Wa ku Nachisaka amangotuluka pakhomo. Pa mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, usiku wa Julayi wopanda mwezi, nyenyezi zimadzaza thambo lonse mpaka pansonga za mitengo. Mdima wotere anzathu amaulipirira ndalama, ife tili nawo kale. Chimene chikutisowa ndi chipangizo. Telesikopu yaikulu ya m'sitolo ndi yodula ndithu, koma mukaiphwasula mupeza kuti mbali yake yaikulu ndi matabwa, paipi ndi mabawuti, zinthu zimene kalipentala wa pa Mponela amagwira tsiku ndi tsiku. Chovuta ndi chimodzi chokha, kalilole, ndipo mapulani onse ayenera kuyambira pamenepo.

Thambo la kuno

Dowa ndi Ntchisi zili pa madigiri pafupifupi 13 ndi theka kummwera kwa equator. Malo amenewa ndi amwayi. Pakatikati pa Mlalang'amba, pamene pali nyenyezi zothithikana kwambiri, pamadutsa pafupifupi pamutu pathu madzulo a Julayi ndi Ogasiti, pomwe anthu a ku Ulaya amapaonera m'munsi mwenimweni mwa thambo. Timaonanso Southern Cross ndi zonse zoizungulira, ndipo zambiri za kumpoto sizitibisika.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatsuka mlengalenga ndipo fumbi lisanachuluke. Masiku ena a nyengo imeneyi mwera umabweretsa mitambo ndi nkhungu pa mapiri, ndipo palibe chochita koma kudikira. Pofika Sepitembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba nyenyezi zofooka. Kuwala kwa Lilongwe kumaoneka m'munsi chakummwera, choncho posankha malo oimikapo telesikopu funani pamene chitunda kapena mitengo ikutchinga kuwalako popanda kudya thambo lambiri.

Nzeru ya Newton, matabwa a Dobson

Telesikopu zili mitundu iwiri ikuluikulu. Ina imagwiritsa ntchito galasi loonekera limene kuwala kumadutsamo, ina kalilole wokumbika amene amabweza kuwala n'kukusonkhanitsa pamalo amodzi. Isaac Newton anapanga yamtundu wachiwiriwu mu 1668. Kalilole wamkulu amakhala pansi pa paipi, kakalilole kakang'ono kopendekeka kamakhala kukamwa kwa paipiyo n'kumaponyera kuwala kumbali, kumene diso limasuzumira. Wopanga yekha amasankha mtundu umenewu chifukwa pali nkhope imodzi yokha ya galasi yofunika kuikonza. William Herschel, amene ntchito yake inali yoimba nyimbo mu mzinda wa Bath, anatulukira pulaneti ya Uranus mu 1781 ndi telesikopu yotere yodzipangira yekha.

Amene anapeputsa zinthu kwa anthu wamba ndi John Dobson, yemwe anabadwa mu 1915 ndipo anamwalira mu 2014. Ali m'nyumba ya amonke ku California, wopanda ndalama, ankapera akalilole kuchokera ku magalasi a mawindo a sitima zapamadzi, n'kumawaika m'mapaipi a makatoni ochindikala ndi mabokosi a plywood. Mu 1968 iye ndi anzake anayambitsa gulu la San Francisco Sidewalk Astronomers, limene linkaimika telesikopu m'mbali mwa msewu kuti wodutsa aliyense aone. Choimikira cha telesikopu ya Dobson chilibe magiya kapena injini. Ndi bokosi lozungulira pa bawuti imodzi, ndipo paipi imakwera ndi kutsika itakhala pa matabwa awiri ozungulira. Mumaikankha ndi dzanja, mukaisiya imaima pomwepo.

Ikule bwanji?

Ntchito yaikulu ya telesikopu si kukulitsa zinthu ayi, koma kusonkhanitsa kuwala. Kamboni ka diso mumdima kamatseguka mamilimita pafupifupi 7. Kalilole wa mamilimita 200 amasonkhanitsa kuwala kochuluka nthawi zoposa 800 kuyerekeza ndi diso, wa 300 nthawi zoposa 1,800, wa 400 nthawi zoposa 3,200. N'chifukwa chake mtima umathamangira waukulu. Koma kukula kumabwera ndi ngongole yake.

Nambala yachiwiri yofunika ndi mtunda wochokera pa kalilole kukafika pamene kuwala kumakumana. Kalilole wa mamilimita 300 amene kuwala kwake kumakumana pa mamilimita 1,500 amatchedwa f/5, chifukwa 1,500 kugawa ndi 300 ndi 5. Mtunda umenewo ndiwo umalamula kutalika kwa paipi. Telesikopu ya 300 ya f/5 ikaloza pamwamba, posuzumira pamakhala pafupifupi mita ndi theka kuchokera pansi: munthu wamkulu amaona ataima, mwana wa sukulu amangofuna kampando. Ya 500 ya f/5 imafuna makwerero, ndipo makwerero mumdima pa nthaka yotsetsereka ya kumapiri kuno ndi ngozi.

Choncho musanagule kanthu, yesani chitseko cha nyumba imene telesikopu izigonamo. Yendani njira yochokera pamenepo kukafika poonera, ndipo dzifunseni ngati anthu awiri angainyamule, kapena ngati ikwana pa wilibala kapena m'ngolo. Telesikopu imene imafuna amuna anayi kuti ituluke imatuluka kawiri pachaka. Maganizo anga ndi akuti ku Nachisaka yaikulu yoyenera kuilakalaka ndi ya mamilimita 300. Yoposa 400 ndi ya gulu, monga kalabu ya sayansi ya pasukulu, ndipo paipi yake imafunika kukhala ya ndodo zisanu ndi zitatu za aluminiyamu zomasula, osati yathunthu.

Yambani ndi wamng'ono

Pali njira ziwiri: kugula kalilole wopanga kale n'kumanga zotsalazo, kapena kupera nokha. Ngati m'bale wa ku Joni angakuthandizeni kupeza wopanga kale, imeneyo ndi njira yachangu, ndipo palibe manyazi. Ingofunsani za msonkho wa pachipata musanaitanitse, ndipo apakire ngati mazira.

Koma ngati mwatsimikiza kupera, musayambe ndi wa 300. Yambani ndi wa mamilimita 150 wa f/8. Wotereyu amangofuna kukumbika kupitirira pang'ono milimita imodzi pakati, ndipo amakhululuka zolakwa. Wa 300 wa f/5 amakumbika mamilimita 3.75, ndipo maonekedwe ake omaliza ndi ovuta kwambiri kuwapeza. Manja amene aphunzira pa wamng'ono sawononga galasi lodula. Wamng'onoyonso si choseweretsa: amaonetsa mphete za Saturn. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anatisonyeza mu 2002 kuti zidutswa za njinga ndi mapaipi otayidwa zikhoza kutulutsa magetsi. Mtima womwewo ndi wofunika pano, kungoti galasi silifuna kuliyerekeza ndi maso. Limafuna kuyesedwa.

Ku South Africa kuli bungwe la Astronomical Society of Southern Africa, limene linakhazikitsidwa mu 1922, ndipo mamembala ake a ku Johannesburg akhala akuphunzitsa kupanga telesikopu kwa zaka zambiri, ndipo anachititsapo chionetsero chotchedwa ScopeX. Kwa ife amenewo ndiwo anansi apafupi odziwa kumene ufa woperera ndi magalasi zimapezeka. Buku la Jean Texereau, How to Make a Telescope, ndi lakale koma likadali mphunzitsi wodalirika.

Kupera

Mufunika galasi lozungulira lochindikala, mamilimita 19 kapena 25 kwa wamng'ono, osachepera 25 kwa wa 300. Lisakhale lija lolimbitsidwa ndi moto ngati la m'mawindo a galimoto, chifukwa limenelo mukangolikanda limaphulika n'kukhala timiyala. Mufunikanso choperera chofanana kukula: galasi lina, kapena chimbale cha simenti chomatidwa tizidutswa ta matailosi olimba.

Imikani mgolo, muuthire madzi kapena mchenga kuti usagwedezeke, pamwamba pake mukhomerepo thabwa lokhala ndi timatabwa titatu togwira choperera. Yambani mwanola m'mphepete mwa galasi ndi mwala wonolera mipeni kuti musabenthuke. Kenako wazani ufa wa carborundum wa nambala 80 pa choperera, donthezani madzi, ikani galasi pamwamba chafufumimba, n'kuyamba kukankha ndi kukoka. Mukakankha kangapo, sunthani phazi limodzi mozungulira mgolo, galasi mulitembenuzire mbali inayo, mupitirize. Amene anaperapo mawere pamphero thupi lake likumbukira, kusiyana kwake n'kwakuti pamphero umakumbika ndi mwala wapansi, pomwe pano likumbika ndi lapamwamba, chifukwa likapitirira m'mphepete kulemera konse kumagwera pakati pake. Phokoso limayamba lokhakhala ngati la galimoto pamsewu wamiyala, kenako limafewa ufa ukasanduka matope otuwa. Pamenepo tsukani, thirani wina.

Kuti mudziwe pamene mwafika, nyowetsani galasilo, mulilozetse kudzuwa, muponyere kuwala pa katoni, muyese ndi tepi mtunda umene kadontho ka kuwala kachepa kwambiri. Mtunda ukakwana, sinthani ufa: 120, 220, 400, kenako aluminium oxide wosalala kwambiri. Ufa uliwonse umafufuta timaenje ta unzake wapitawo.

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Kanjere kamodzi ka nambala 80 kotsalira pansi pa chikhadabo kapena m'mng'alu wa thabwa kakagwera pa galasi muli pa 400, kamalemba mzere umene ungakubwezeni m'mbuyo masiku ambiri. Posintha ufa tsukani zonse, tayani nyuzipepala yoyala, sinthani malaya, wengani zikhadabo. Musaperere pakhonde pamene mphepo imaulutsa fumbi la pabwalo. Ndipo nthawi zonse perani monyowa, chifukwa fumbi la galasi louma ndi loipa m'mapapo.

Phula ndi mthunzi

Galasi loperedwa limakhala losalala koma lotuwa. Kuti linyezimire, choperera chimakutidwa ndi phula losungunula, lolembedwa mizere yopingasana kuti likhale timabokosi, n'kupakidwa ufa wa cerium oxide wosakaniza ndi madzi. Phula labwino ndi limene chikhadabo chimasiya kachizindikiro mukasindikiza masekondi angapo. Kutentha kwa Okutobala kumalifewetsa mpaka mizere kutsekeka, choncho ntchito imeneyi ikonzereni miyezi yozizira, kapena m'mamawa.

Tsopano pabwera chodabwitsa. Nkhope ya kalilole iyenera kulondola mpaka gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 1,000 a kunenepa kwa tsitsi limodzi. Palibe rula yoyesera zimenezi, koma mu 1858 Léon Foucault wa ku France anasonyeza kuti kanyali ndi mpeni zimakwanira. M'chipinda chamdima, ikani kalilole chiimire. Pa mtunda wowirikiza kawiri uja kuwala kumakumana, mamita atatu kwa wa 300 wa f/5, ikani kababu ka LED kowalira pakabowo kakang'ono, pambali pake lezala. Ikani diso kuseri kwa lezalalo n'kulilowetsa pang'onopang'ono m'kuwala kobwerera. Mudzaona nkhope ya galasi itasanduka zitunda ndi zigwa za mithunzi. Mukakhudza galasi ndi chala kwa kanthawi n'kubwerera kukayang'ana, mudzaona kachitunda pamene kutentha kwa chalacho kwatupitsa galasi. Munthu akaona zimenezi koyamba ndi pamene amayamba kulilemekeza galasi.

Ngati nkhope yonse ikuda nthawi imodzi, kalilole ndi wozungulira ngati chidutswa cha mpira. Kwa wa 150 wa f/8 mwatsala pang'ono kumaliza. Kwa wamkulu mufunika kukumba pakati pang'ono kuti mupeze maonekedwe otchedwa parabola, amene amasonkhanitsa kuwala kwa nyenyezi pa kadontho kamodzi. Pa wa 300 wa f/5, kababu katakhazikika, lezala liyenera kubwerera m'mbuyo mamilimita pafupifupi 7.5 kuchokera pamene pakati pakuda kufika pamene m'mphepete mukuda. Mumapukuta mphindi zochepa, kudikira galasi lizizire, kuyesa, kulemba m'kope, kubwereza. Gawo limeneli silithamangiridwa.

Kuveka kalilole

Galasi lopanda kanthu limabweza kuwala pang'ono chabe, pafupifupi magawo 4 pa 100. Liyenera kuvekedwa chitsulo chopyapyala pamwamba pake, osati kumbuyo ngati kalilole wa kuchipinda. Chokhalitsa ndi aluminiyamu, imene amaipaka m'makina ochotsedwa mpweya, ndipo kalilole amayenera kutumizidwa kumene kuli makinawo, monga ku South Africa. Njira yakale ndi ya siliva wopaka ndi mankhwala a silver nitrate. Amawala bwino koma amada pakapita miyezi, makamaka kumene kuli utsi, ndipo amafuna kubwereza. Imeneyi ichitidwe ndi mphunzitsi wa chemistry, chifukwa madzi osakaniza siliva ndi ammonia akasungidwa amatha kuphulika. Amasakanizidwa nthawi yomweyo, otsala n'kutayidwa moyenera tsiku lomwelo.

Ntchito ya kalipentala ndi wowotcherera

Kalilole sakhomeredwa kapena kufinyidwa. Amakhala momasuka pa timitu tomugwira kumsana. Wamng'ono amakwana pa titatu, wa 300 wopyapyala amafuna tisanu ndi tinayi, toikidwa titatutitatu pa tizitsulo ta makona atatu tosuntha, kuti kulemera kugawanike. Kumbuyo kumakhala mabawuti atatu a masipuling'i opendeketsera kalilole. Wowotcherera aliyense waluso akhoza kupanga chimenechi mukamujambulira.

Paipi ikhale yotakata kuposa kalilole ndi masentimita pafupifupi asanu, kuti mpweya wofunda uziyenda m'mbali. Ya PVC yaikulu ndi yolemera ndipo imapindika ikakhala padzuwa. Wokhoma zidebe akhoza kupinda lata losalala, kapena kalipentala apange bokosi lalitali la makona anayi la plywood yopyapyala, chifukwa kuwala sikusamala kuti paipi ndi yozungulira. Mkati mupake penti yakuda yosanyezimira, monga ija ya bolodi ya m'kalasi.

Bokosi lapansi likhale la plywood ya mamilimita 18, yeniyeni ngati imene imachokera ku Chikangawa, osati zophwanyika zija za utuchi. Matabwa ozungulira a m'mbali akhale aakulu, osachepera kukula kwa kalilole, ndipo aikidwe pamene paipi imakhazikika zonse zitamangidwa. Potsetsereka pake pamafunika Formica wokhakhala pang'ono wokhudzana ndi tizidutswa ta Teflon. Teflon akasowa, pulasitiki ya bolodi yodulirapo nyama imagwira ntchito ngakhale siifika. Musaikepo mabering'i kapena girisi. Telesikopu yotereraterera imathawa ndi kamphepo kalikonse, ndipo pa mapiri ano mphepo siisowa.

Zoti mugule basi

Kakalilole kopendekeka gulani, chifukwa kupanga galasi lathyathyathya lenileni n'kovuta kuposa lokumbika. Kwa telesikopu ya 300 ya f/5, ka mamilimita pakati pa 63 ndi 70 ndi kokwanira.

Tigalasi tosuzumira, timene amalonda amati eyepiece, tiwiri ndi tokwanira poyamba. Kukulitsa kumapezeka pogawa mtunda wa kalilole ndi nambala ya kagalasi: 1,500 kugawa ndi 25 ndi 60, kugawa ndi 10 ndi 150. Musanyengedwe ndi makatoni olembedwa kuti telesikopu imakulitsa nthawi 600. Mpweya wa mlengalenga umagwedezeka, ndipo usiku wambiri sulola kupitirira 200 kapena 250. Mabainokyula akale othyoka ndi chuma: muli tigalasi tosuzumira, ndipo theka lake limasanduka kolozera komangirira pambali pa paipi. Posuntha kagalasi kuti chithunzi chiwale bwino, tizidutswa tiwiri ta paipi ya madzi tolowana mothina timathandiza mpaka mutapeza chosunthira chenicheni.

Onjezani tochi yokutidwa ndi pepala lofiira, chifukwa diso limatenga mphindi 20 kapena 30 kuzolowera mdima ndipo kuwala koyera kwa foni kumafafaniza zonsezo m'kamphindi. Pulogalamu ya Stellarium ndi yaulere pa kompyuta, iliponso ya pafoni, ndipo imasonyeza thambo la malo anu pa ola lililonse.

Musanayambe kuona, akalilole awiriwo ayenera kuyang'anana bwino. Boolani kabowo pakati pa chitsekerero cha botolo, muchiike posuzumira, mutembenuze mabawuti mpaka zozungulira zonse zimene mukuona zikhale ndi pakati pamodzi. Telesikopu ikayenda pa wilibala, bwerezani.

Mame, fumbi, chiswe

Tulutsani telesikopu ola limodzi musanayambe kuti galasi lizizire mofanana ndi mpweya. Kafani ka kompyuta yakale ka mavoti 12 kumbuyo kwa kalilole kamafulumizitsa. Usiku wa Juni mame amagwa msanga pa kakalilole kakang'ono, ndipo kutalikitsa kukamwa kwa paipi ndi katoni yakuda kumachedwetsa. Musapukute kalilole ndi nsalu ngakhale aoneke wafumbi. Fumbi pang'ono silichepetsa kuona, koma mikwingwirima siichoka. Sungani telesikopu yovindikira mbali zonse ziwiri, kutali ndi utsi wa kukhitchini, pa njerwa osati padothi, ndipo matabwa onse apakidwe vanishi mpaka m'mphepete, pamene chinyezi ndi chiswe zimalowera.

Dzuwa

Pa 21 Juni 2001 kadamsana wathunthu anadutsa ku Lusaka, ndipo kuno dzuwa linadyeka mbali yaikulu. Masiku otere ana amathamangira chilichonse choonera. Telesikopu ya 300 ikaloza dzuwa imayatsa pepala m'masekondi, ndipo diso limapsa osabwereranso. Magalasi akuda, filimu ya X-ray kapena galasi lofukiza utsi sizitchinga. Masana telesikopu ikhale yovindikira ndi yokhomeredwa m'nyumba.

Poyambira kuyang'ana

Yambani ndi mwezi ukakhala theka, osati wathunthu. Pamalire a kuwala ndi mdima mithunzi imakhala yaitali, ndipo maenje ndi mapiri ake amaoneka ngati mungawakhudze. Jupiter ikakhalapo mudzaona mizere yake ndi miyezi inayi imene Galileo anaiona mu 1610, ikusintha malo usiku uliwonse. Madzulo a Meyi ndi Juni lozani kummwera. Alpha Centauri, yowala kwambiri mwa nyenyezi ziwiri zoloza ku Southern Cross, imagawanika kukhala ziwiri, ndipo kuwala kwake kwayenda zaka zoposa 4. Mnzake wofooka wa m'banja lomwelo, Proxima Centauri, anatulukiridwa ku Johannesburg ndi Robert Innes mu 1915. Pamwamba pang'ono pali Omega Centauri, imene ndi maso imaoneka ngati kanyenyezi kofufuma, koma pa kalilole wa 300 imasweka kukhala mpira wa nyenyezi zosawerengeka. Apa ndi pamene kukula kwa kalilole kumabweza thukuta lanu. Mu Okutobala ndi Novembala funani mpira wina wa nyenyezi, 47 Tucanae, pafupi ndi kamtambo kotchedwa Small Magellanic Cloud. Mvula ikakata usiku wina mu Januwale, Akamwiniatsatana ndi Nsangwe zimakhala pamwamba, ndipo mtambo wowala wa Orion Nebula umaoneka bwino mumpweya wotsukidwa.

Mukaitana ana a sukulu kapena anthu a m'mudzi, kumbukirani kuti dziko limazungulira madigiri 15 pa ola. Pa kukulitsa kwa 150, pulaneti imadutsa m'kagalasi wamba m'mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Choncho pamzere wautali gwiritsani kagalasi ka 25, munthu mmodzi aime pafupi ndi paipi kuti aziikankha pang'ono akamasinthana oonera, ndipo aliyense auzidwe asanafike kuti agwire kampando, osati telesikopu.